Zimene Chotupa cha M'kamwa Chimabisa M'kati Mwake

 Kaya muli pakhonde mukutong'ola chimanga, kaya muli kukhitchini ndiwo zili pamoto, kaya mukudwazika m'bale wanu m'chipatala kawailesi kali pambali pa bedi, takulandirani ku pulogalamu yathu ya zaumoyo. Sendezani mpando, ticheze.

Tisanapite patali, ndikupempheni kanthu kamodzi. Yendetsani lilime lanu m'kamwa. Likhudze m'masaya, lidutse m'nkhama, likwere kumwamba, kenako litsikire pansi pomwe pamasonkhana malovu. Mwakumva kufewa kwake? Kakhungu kosalala kameneko ndiko tikambirane lero, chifukwa khansa ya m'kamwa imayambira pomwepo.

Tiyerekeze abambo awiri a msinkhu umodzi afika kuchipatala mwezi umodzi. Aliyense ali ndi chilonda m'mbali mwa lilime, kukula kwake ngati nzama. Dokotala mmodzi yemweyo wawachita opaleshoni onse awiri, ndipo wachotsa chotupa chonse chimene maso ake anachiona. Patatha zaka zisanu, bambo mmodzi ali m'munda mwake, akudya mondokwa ndi zidzukulu. Mnzake uja matenda anamubwerera chaka chisanathe. Zilonda zinkaoneka zofanana, chithandizo chinali chofanana. Nanga kusiyana kunali pati?

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Zotupa ziwiri zikhoza kufanana kunja, koma m'kati mwa maselo ake muli nkhani zosiyana. Kwa zaka zambiri akatswiri akhala akuphunzira kuwerenga nkhani zimenezo. Amafufuza tizizindikiro tobisika m'maselo a chotupa, toti tiwauze ngati khansayo ndi yaukali kapena yofatsa, ngati idzabwerera, ndiponso mankhwala amene angaigonjetse.

Mfundo yathu ya lero ndi iyi, ndipo ndiibwereza kangapo kuti tisaiiwale. Zizindikiro za m'maselo zimathandiza dokotala kulosera m'mene matenda ayendere, koma chimene chimalosera bwino kuposa zonse ndi nthawi imene wodwala wafikira kuchipatala. Tiyamba ndi kufotokoza khansa imeneyi. Kenako tiona m'mene madokotala amaiyezera ndi maso ndi manja. Tikatero tilowa m'kati mwa selo, ndipo pomaliza tibwerera kunyumba kwanu, kukamba zimene inu mungachite.

Khansa ya m'kamwa imagwira milomo, lilime, nkhama, m'masaya, kumwamba kwa m'kamwa ndi pansi pa lilime. Pafupifupi 9 mwa khansa 10 zilizonse za m'kamwa zimachokera m'kakhungu kaja mwakakhudza ndi lilime. Padziko lonse anthu oposa 350,000 amapezeka nayo chaka chilichonse. Chimene chimaiyambitsa kwambiri ndi fodya, kaya wosuta, kaya wovumata m'tsaya kapena pansi pa lilime. Chachiwiri ndi mowa, makamaka waukali ngati kachasu. Fodya ndi mowa zikakumana m'kamwa mmodzi, chiopsezo chimakwera kwambiri kuposa pamene chilichonse chili pachokha.

Dziko limene lasenza katundu wolemera wa matendawa ndi India. Kumeneko, ngakhalenso ku Sri Lanka, ku Taiwan ndi ku Papua New Guinea, anthu ambiri amatafuna mtedza wa areca. Amaukulunga m'tsamba la betel pamodzi ndi laimu, nthawi zambiri n'kuthirako fodya, ndipo amauvumata m'tsaya kwa nthawi yaitali mpaka malovu kufiira. Pamalo pomwe pamakhala chovumatacho ndi pomwe khansa imakonda kumera. N'chifukwa chake zambiri zimene tikudziwa za matendawa zinachokera m'zipatala za ku India.

Tsopano tione m'mene dokotala amayezera. M'zaka za m'ma 1940, dokotala wa ku France, Pierre Denoix, anakonza njira imene ikugwirabe ntchito mpaka lero. Njirayo ili ndi mafunso atatu. Loyamba, chotupa chakula bwanji? Lachiwiri, kodi chafika m'timinofu ta m'khosi, tija timatupa tikakhala ndi mwanabele? Lachitatu, kodi chafalikira kutali, monga m'mapapo? Mayankho ake ndiwo amauza dokotala kuti khansa ili pa gawo loyamba, lachiwiri, lachitatu kapena lachinayi. Cha m'ma 2017 akatswiri anawonjezera funso lina pa khansa ya m'kamwa: chotupacho chazama bwanji? Anaona kuti chilonda chooneka chaching'ono pamwamba, koma chozama kupitirira mamilimita 5, pafupifupi kutalika kwa njere ya mpunga, chimakhala chaukali kuposa chotambalala koma chosazama.

Koma maso ndi manja ali ndi polekezera. Mverani nkhani iyi. Ku chipatala cha Tata Memorial mumzinda wa Mumbai, madokotala ankafunsana kuti: wodwala akabwera ndi chotupa chaching'ono, m'khosi mwake musakumveka kanthu, kodi tichotseretu timinofu ta m'khosi kapena tidikire? M'chaka cha 2015 gulu lotsogozedwa ndi Anil D'Cruz linafalitsa yankho. Kuchotseratu kunapulumutsa miyoyo. Pa odwala 8 alionse ochitidwa opaleshoni ya m'khosi, moyo umodzi unapulumuka. Komabe, ambiri mwa odwalawo timinofu tawo tinapezeka tilibe khansa. Ananyamula chipsera cha m'khosi chifukwa panalibe njira yodziwira kuti wobisa matenda ndani, wopanda ndani. Apa ndi pomwe pagona njala ya zizindikiro za m'maselo. Dokotala akufuna kudziwa amene akufunika chithandizo champhamvu, kuti winayo asavutitsidwe pachabe.

Tilowe m'kati mwa selo tsopano. Thupi lathu linamangidwa ndi maselo monga nyumba imamangidwa ndi njerwa, kungoti njerwa zake ndi zamoyo: zimakula, zimagawikana, zimakalamba n'kufa. M'selo lililonse muli malangizo otchedwa DNA. Ndime za malangizowo ndi zimene timazitcha majini, ndipo jini lililonse limauza selo kuti lipange puloteni yakutiyakuti yogwira ntchito yakeyake. Utsi wa fodya ndi mowa zimafufuta kapena kusokoneza zilembo za malangizo amenewa. Zolakwika zikaunjikana kwa zaka, selo limasiya kumvera ndipo limangogawikana osaleka. Imeneyo ndiyo khansa. Chizindikiro cha m'selo, ndiye kuti, ndi jini losokonekera, kapena puloteni imene yachuluka mopitirira muyezo, kapena imene yasowa.

Amaziona bwanji? Dokotala amabaya jakisoni wochititsa dzanzi, n'kudula kachidutswa ka chilonda kochepa ngati njere ya nyemba. Kulabotale amakaumitsa m'phula, n'kukasenda mopyapyala kuposa khoko la anyezi. Akatero amakaika pagalasi ndi kuthira mankhwala amene amamatirira puloteni imodzi yokha. Pomwe pali puloteniyo pamasanduka pofiirira, ndipo katswiri amawerenga pa makina oonera tinthu ting'onoting'ono. Ndikudziwa kuti ena amaopa, amati khansa ikadulidwa imalusa. Abale anga, kachidutswa kameneka ndiko kamatsegula njira ya chithandizo. Popanda iko, dokotala amayenda mumdima.

Chizindikiro choyamba chimene tikambe ndi puloteni yotchedwa p53. Inapezeka m'chaka cha 1979 ndi magulu angapo a akatswiri, ena mwa iwo David Lane ku London ndi Arnold Levine ku Princeton. Poyamba ankaiyesa mdani woyambitsa khansa. Panatenga zaka pafupifupi 10 kuti azindikire kuti ndi mlonda. Malangizo a m'selo akawonongeka, mlondayu amaimitsa ntchito kuti zolakwikazo zikonzedwe. Zikakanika kukonzeka, amalamula selolo kuti life lisanabereke ena olakwika. Pamene ndikulankhula pano, mlonda ameneyu akugwira ntchito m'kamwa mwanu.

Tsoka lake n'lakuti utsi wa fodya umavulaza jini la mlondayo. M'chaka cha 2015 akatswiri a ku America anafalitsa zimene anapeza atawerenga majini a zotupa 279 za kumutu ndi m'khosi. Zotupa zochuluka zedi za anthu osuta zinali ndi mlonda wolumala. Kafukufuku wina wa mu 2007 anali atasonyeza kale kuti odwala amene jini lawo la p53 linawonongeka kotheratu sankakhala nthawi yaitali poyerekeza ndi anzawo. Chifukwa china n'chakuti mankhwala a khansa ndi chithandizo cha cheza zimadaliranso mlonda yemweyu kuti auze selo lovulala kuti life. Mlonda akasowa, selo loipa limapirira.

Alimi amene mukundimvera, mukumudziwa kaufiti. Mukamaona timaluwa take tofiira m'munda, iye amakhala atayamba kale kuyamwa mizu ya chimanga pansi pa nthaka. Mukhoza kuzula amene mwamuona, koma njere zake, zing'onozing'ono ngati fumbi, zimakhala zitamwazika m'munda monse, zikudikira. Khansa ya m'kamwa imachita chimodzimodzi. M'chaka cha 1953 dokotala wa ku Chicago, Danely Slaughter, anaunika minofu ya odwala 783. Anapeza kuti khungu lozungulira chotupa, looneka labwinobwino ndi maso, linali litayamba kale kusintha, ndipo odwala ena anali ndi zotupa zingapo zomera pazokhapazokha. Iye mwini anayerekeza m'kamwa ndi munda umene wonse wakhudzidwa. Utsi sumasankha malo amodzi. Umasambitsa m'kamwa monse, tsiku ndi tsiku.

Patatha zaka zoposa 40, akatswiri a ku Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore anapeza njira yoonera njere zobisikazo. Dokotala akachotsa chotupa, amadulako ndi mnofu wabwino wa m'mphepete, ndipo kulabotale amaunika ngati m'mphepetemo muli moyera. Mu 1995 akatswiriwo anatenga odwala 25 a khansa ya kumutu ndi m'khosi amene m'mphepete mwawo munkaoneka moyera pa makina. Anafufuzamo jini lowonongeka la p53. Mverani bwino. Mwa odwala 13 analipeza. Mwa 12 sanalipeze. Pa 13 aja, asanu khansa inawabwerera pamalo pomwepo. Pa 12 aja, panalibe ndi mmodzi yemwe amene inamubwerera panthawi imene ankawatsatira. Gululo linali laling'ono, koma phunziro lake linali lalikulu. Pomwe diso linaona poyera, jini linaona kaufiti. Mwina ndi kumeneku kunali kusiyana kwa abambo athu awiri aja.

(Kanyimbo kakafupi)

Ngati mwangotsegula kumene wailesi, tikukambirana za khansa ya m'kamwa ndi zizindikiro zobisika m'maselo zimene zimathandiza dokotala kulosera m'mene matenda ayendere. Taona za mlonda wotchedwa p53. Tsopano tikamba zizindikiro zina zitatu, chilichonse ndi phunziro lake.

Chachiwiri nkhani yake inayambira m'kamwa mwa mbewa za kulabotale. Cha m'ma 1960 katswiri wa ku America, Stanley Cohen, ankabaya tiana ta mbewa ndi madzi ochokera m'timinofu topanga malovu. Anaona kanthu kamene wina akanakanyozera: tianato tinkatsegula maso msanga, ndipo mano ankamera masiku ake asanakwane. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Anakatsatira kanthuko kwa zaka, mpaka anapeza puloteni imene imauza maselo a khungu kuti akule, ndipo kenako anapeza kakhutu ka pamwamba pa selo komwe kamamva uthengawo. Kakhutu kameneko dzina lake ndi EGFR. Mu 1986 Cohen analandira mphoto ya Nobel.

M'zotupa zambiri za m'kamwa ndi m'khosi, timakutu timeneti timachuluka mopitirira muyezo, kotero kuti selo limangomva mawu amodzi usana ndi usiku: kula, kula, kula. Kafukufuku anasonyeza kuti odwala amene zotupa zawo zili ndi timakutu tochuluka kwambiri, matenda amawabwerera kawirikawiri. Akatswiri anapanga mankhwala otseka timakutu timeneti, otchedwa cetuximab, ndipo mu 2006 zinaoneka kuti akaphatikizidwa ndi chithandizo cha cheza amatalikitsa moyo wa odwala ena. Koma atayesa kuona ngati kuchuluka kwa timakutu kungauze dokotala amene mankhwalawo amuthandize, anapeza kuti sikunena kanthu.

Phunziro lake tiligwire. Zizindikiro zili m'mitundu iwiri. Zina zimanena ukali wa matenda. Zina zimaloza mankhwala oyenera. Chizindikiro chikhoza kugwira ntchito yoyamba n'kulephera yachiwiri, monga mtambo wakuda umakuuzani kuti mvula ikubwera koma sukuuzani mbewu yoti mubzale.

Chachitatu ndi nkhani ya kachilombo kamene amayi ambiri akukadziwa, ka HPV, koyambitsa khansa ya khomo la chiberekero. Amene anatulukira ubale umenewu ndi Harald zur Hausen wa ku Germany, yemwe analandira mphoto ya Nobel mu 2008. M'chaka cha 2000, Maura Gillison ndi anzake anasonyeza kuti kachilombo komweka, kamene kamafala kudzera m'kugonana, kamayambitsanso khansa ya kummero, kutsinde kwa lilime ndi m'timinofu tiwiri ta m'mbali mwa mmero. Chodabwitsa n'chakuti khansa yoyamba ndi kachilomboka imamva chithandizo bwino kuposa yoyamba ndi fodya. Kafukufuku wa mu 2010 anapeza kuti patatha zaka zitatu, odwala pafupifupi 8 mwa 10 alionse a khansa ya kachilomboka anali moyo, pamene kwa enawo sanakwane 6 mwa 10. Kulabotale amaizindikira ndi puloteni yotchedwa p16, imene imachuluka kachilomboka kakakhalamo. Lero chizindikiro chimenechi chimasintha ngakhale gawo limene dokotala amaikapo khansa ya kummero.

Koma apa tisamale. Zimenezi ndi za kummero. M'kamwa mwenimweni, kutsogolo kwa lilime, m'masaya ndi m'nkhama, kachilomboka sikapezeka kawirikawiri, ndipo p16 sapereka uthenga wodalirika womwewo. Malo awiriwa ndi oyandikana ngati nyumba ndi khitchini, koma matenda ake amayenda mosiyana. Chomwe tingatengepo ife ndi ichi: katemera wa HPV, amene kuno ku Malawi anayamba kuperekedwa kwa atsikana m'dziko lonse mu 2019, amateteza ku mtundu wa kachilombo womwewo umene umayambitsa khansa zambiri za kummero. Makolo, mwana akabwera ndi uthenga wa katemerayu kuchokera kusukulu, muloleni abayitse.

Chachinayi chikukhudza asilikali a m'thupi. Asilikaliwa amayendera thupi lonse n'kumafunsa selo lililonse chitupa. Selo lachilendo amalipha. Koma zotupa zina zimanyamula chitupa chabodza, puloteni yotchedwa PD-L1. Msilikali akachiona amatsitsa mfuti n'kudutsa. Katswiri wa ku Kyoto m'dziko la Japan, Tasuku Honjo, ndiye anapeza mu 1992 kachiwalo ka msilikali kamene kamawerenga chitupacho, ndipo mu 2018 analandira mphoto ya Nobel pamodzi ndi James Allison. Kuchokera pa ntchito imeneyi kunabadwa mankhwala olepheretsa chinyengocho, monga pembrolizumab. Kuyambira mu 2019, m'mayiko amene mankhwalawa amapezeka, dokotala amayeza PD-L1 m'chotupa chimene chabwerera kapena chafalikira, kuti asankhe ngati apereke mankhwalawo paokha kapena pamodzi ndi ena. Ichi ndi chitsanzo cha chizindikiro choloza mankhwala. Komabe mankhwalawa ndi odula kwambiri, ndipo amathandiza gawo chabe la odwala.

Palinso ntchito ina imene imandipatsa chiyembekezo, yofuna kuigwira khansa isanabadwe. Anthu ena, makamaka osuta, amakhala ndi chigamba choyera m'kamwa chimene sichichoka ngakhale muchipukute. Zigamba zambiri zotere sizisanduka khansa, koma zina zimasanduka. Nanga choopsa n'chiti? Ku Vancouver m'dziko la Canada, Miriam Rosin ndi anzake anasonyeza kuti zigamba zimene maselo ake ataya zidutswa zina za malangizo ndizo zimakonda kusanduka khansa. Ena akufufuza m'malovu. Mu 2015 akatswiri a ku Baltimore anapeza DNA ya chotupa m'malovu a odwala khansa ya m'kamwa amene anawayeza. Taganizani tsiku limene munthu wochitidwa opaleshoni adzangolavulira m'kabotolo, dokotala n'kudziwa ngati matenda akubwerera chilonda chisanaoneke. Ntchito imeneyi ikadali m'manja mwa ofufuza.

Tsopano ndinene chilungamo chonse, chifukwa mukuyenera kuchimva. Zizindikiro zimene zafufuzidwa pa khansa ya m'kamwa ndi zambirimbiri, koma mpaka pano palibe ndi chimodzi chomwe chimene chalowa m'ndondomeko yoikira khansa ya m'kamwa mwenimweni pa magawo ake. Zifukwa zilipo. Chotupa chimodzi chimakhala ndi maselo osiyanasiyana, ngati thumba la nyemba zosakaniza: mukatapa pamwamba simudziwa zimene zili pansi. Malabotale amayezanso mosiyana, ndipo kafukufuku wambiri anachitika pa magulu aang'ono. Chinanso, chizindikiro chimanena za gulu la anthu, monga a zanyengo amalosera mvula ya chigawo chonse osati ya munda wanu. Munthu wa chizindikiro choipa akhoza kuchira, ndipo ambiri achira. Choncho wina akauzidwa zotsatira za kulabotale, asazitenge ngati chigamulo cha khoti. Ndi nyali yothandiza dokotala kusankha njira.

(Kanyimbo kakafupi)

Tafika m'gawo lomaliza, ndipo ndibwereze mfundo yathu. Zizindikiro za m'maselo zimathandiza kulosera, koma chimene chimalosera bwino kuposa zonse ndi nthawi imene munthu wafikira kuchipatala. Umboni wake unachokera m'midzi ya ku Kerala, kummwera kwa India. Kuyambira mu 1996, alangizi a zaumoyo ophunzitsidwa ankayenda khomo ndi khomo m'dera la Trivandrum. Chida chawo chinali maso, kuwala ndi magolovesi. Ankapempha munthu kuti ayasamule, n'kuyang'ana m'masaya, m'nkhama ndi pansi pa lilime, ndipo wokayikitsa ankamutumiza kuchipatala. Zotsatira zinatuluka mu 2005, motsogozedwa ndi Rengaswamy Sankaranarayanan. Pakati pa anthu ogwiritsa ntchito fodya kapena mowa, imfa za khansa ya m'kamwa zinatsika ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Panalibe makina odula. Panali munthu wofunsa mnzake kuti, tayasamulani ndione.

M'mera mpoyamba. Khansa ya m'kamwa ikapezeka ili yaing'ono, odwala ambiri amachira, nthawi zina ndi opaleshoni yokha, ndipo amapitiriza kulankhula ndi kudya bwino. Vuto n'lakuti poyamba siipweteka kawirikawiri, ndiye munthu amangoti ndadziluma, kapena ndi dzino likundikanda. Tsono mvetserani zoti muziyang'ana. Chilonda cha m'kamwa kapena pamlomo chimene chatha masabata atatu osapola. Chigamba choyera kapena chofiira chosachoka. Chotupa cholimba m'khosi chimene sichikuphwa. Dzino logwedera popanda chifukwa. Dzanzi palilime kapena pamlomo. Kuvutika kumeza kapena kutembenuza lilime. Mukaona chimodzi mwa zimenezi, pitani kuchipatala kapena kwa dokotala wa mano. Mukapatsidwa mankhwala koma chilonda osasintha, bwererani mukanene kuti sichikupola, ndipo mupemphe kuti akutumizeni kuchipatala chachikulu.

Kwathu kuno palinso khansa ina imene imaoneka m'kamwa, ya Kaposi, makamaka kwa anthu amene ali ndi kachilombo ka HIV. Imabwera ngati zigamba zofiirira moderako, kawirikawiri kumwamba kwa m'kamwa. Ndi matenda ena, chithandizo chake n'china, ndipo ma ARV ndi mbali yaikulu ya chithandizocho. Kusiyanitsa matenda awiriwa ndi chifukwa chinanso chimene kachidutswa kaja kamafunikira.

Ngati inu kapena m'bale wanu mwauzidwa kale kuti ndi khansa, safunsa anadya phula. Funsani dokotala mwaulemu koma mosaopa. Kodi ili pa gawo liti? Yazama bwanji? Kodi yafika m'khosi? Opaleshoni itatha, m'mphepete munapezeka moyera? Ndibwere liti kudzaonedwanso? Ndipo kumbukirani kaufiti uja. Chotupa chikachotsedwa, munda umafunabe kuyenderedwa. Musaphonye masiku obwerera kuchipatala ngakhale mukumva bwino, ndipo fodya ndi mowa muzisiyiretu, chifukwa ndizo zimathirira njere zotsala. Kusiya kumathandiza ngakhale kwa munthu amene wadwala kale.

Omvera anga, lero tayenda ulendo wautali, kuchokera ku Mumbai mpaka ku Baltimore, kuchokera m'kamwa mwa tiana ta mbewa mpaka m'midzi ya ku Kerala. Akatswiri akupitiriza kuphunzira kuwerenga zobisika za m'maselo, ndipo tikuyembekeza kuti nzeru zimenezi zidzafika kwa wodwala aliyense, wolemera ndi wosauka yemwe. Koma labotale imawerenga kachidutswa kokhako kamene kafika patebulo lake. Woyamba kuona chilonda ndi mwini wake, kapena mkazi amene waona kuti mwamuna wake akutafunira mbali imodzi, kapena mdzukulu amene waona kuti agogo asiya kudya nsima yolimba.

Ndikusiyireni funso loti mulingalire usiku uno. Pakhomo panu, ndani amene wasuta kapena kuvumata fodya kwa zaka zambiri, ndipo ndi liti pamene wina anayang'anapo m'kamwa mwake? Mawa kukacha, dzuwa likawala bwino, sambani m'manja, mukhale naye pakhonde, mumupemphe ayasamule, atulutse lilime, alitembenuzire uku ndi uko, kenako alikweze. Inunso mutenge kalilole mudziyang'ane. Sizitenga nthawi yoposa yowiritsa madzi a tiyi.